Kalata Imene Jemima Anafufuta

Bambo Gwanda a ku Biwi anayamba kupita ku kafe ya intaneti mu Ogasiti chaka cha 2007, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu. Kompyuta anali asanaigwirepo. Ku Kanengo, kumene anagwirako ukalaliki pa kampani ina ya fodya, zonse ankalemba ndi bolopeni. Makompyuta atafika muofesimo iwo anali atatsala pang'ono kupuma pa ntchito, choncho palibe anadzivuta kuwaphunzitsa.

Amene anawakokera kumeneko ndi Hafsah, mwini wake wa kafeyo. Hafsah anali mwana wa Bambo Asani, telala wa mumsika wa Kawale, ndipo anaphunzira limodzi ndi Jemima, mwana yekhayo wa a Gwanda, kuyambira sitandade wani mpaka fomu folo. Atsikana awiriwa anakulira m'nyumba ziwiri. Pa Khirisimasi Hafsah ankadya kwa a Gwanda, pa Idi Jemima ankagona kwa a Asani.

Jemima anaphunzira unesi, ndipo mu 2003 anapeza ntchito ku Mangalande. Chaka chotsatira, mu Novembala, mayi ake anadwala masiku anayi okha n'kumwalira. Jemima anaimba foni maliro ali m'nyumba.

"Ababa, sinditha kubwera, chifukwa..."

A Gwanda sanadikire chifukwacho. "Ngati subwera kudzaika mayi ako, usadzaimbenso foni pano," anatero, n'kudula.

Mwanayo anaimbabe kangapo, iwo osayankha. Analemba makalata awiri, iwo anawabweza osatsegula. Kenako foni yawo inabedwa mu minibasi, anagula ina ya nambala yatsopano, ndipo panakhala chete zaka zitatu. Kutchalitchi, kumene anali mkulu wampingo, anthu anaphunzira kusatchula dzina la Jemima pamaso pawo.

Hafsah yekha ndiye analitchula. Anakumana nawo pa siteji ya minibasi ku Kawale, iwo akuchokera kogula mankhwala a BP.

"Abambo, ndikuuzeni kanthu, mundikhululukire ngati ndikulakwitsa. Jemima amalemba pa intaneti. Ali ndi tsamba lake, amati bulogu. Amalembapo za moyo wake, aliyense akhoza kuwerenga."

"Nanga ine zikundikhudza bwanji?"

"Mwina sizikukukhudzani. Ndimangofuna mudziwe. Kafe yanga mukuidziwa, kuseri kwa msika, khomo la buluu."

Panapita masabata awiri. Lachiwiri lina m'mawa anafika atanyamula setifiketi ya ubatizo, akuti akufuna fotokope. Fotokope itachitika sanachoke. Anaima pakhomo akuyang'ana makompyuta anayi amene anali m'mbali mwa khoma, fani ikupukusa mutu pakona. Hafsah anakoka mpando pa kompyuta yakumapeto, n'kulemba adiresi.

Tsambalo linatseguka pang'onopang'ono, kuyambira pamwamba. Poyamba dzina lake: Nesi wa ku Biwi. Kenako chithunzi chinayamba kutsika mzere ndi mzere: chipewa cha ubweya, mphumi, maso. Anali Jemima, atanenepako pang'ono. Chithunzi chikutsikabe, panaoneka kamutu kena pachifuwa pake.

"Mwana uyu ndi wa ndani?"

"Ndi wake, Abambo. Dzina lake Tiyese. Akukwanitsa zaka ziwiri mu Disembala. Bambo ake ndi a Mackson, kwawo ku Dedza, amayendetsa basi komweko."

A Gwanda anavula magalasi, kuwapukuta ndi tayi, n'kuvalanso. Anakhala pamenepo ola lathunthu, Hafsah akuwasunthira tsambalo. Pochoka anati, "Usamuuze kuti ndinabwera kuno."

"Sindimuuza. Koma akadzandifunsa, sindidzanama."

Kuyambira tsiku limenelo ankabwera m'mawa uliwonse kupatula Lamulungu, wapansi kuchokera ku Biwi, fumbi lili mbuu m'nsapato. Anaphunzira kugwira mausi, ngakhale ankaigwira mwamphamvu ngati ithawa. Vuto linali lakuti Jemima sankalemba tsiku ndi tsiku. Mwina ankalemba kawiri pa sabata, mwina ankatha masiku khumi ali zii. Intaneti ya pa kafeyo inali yochedwa. A Gwanda ankadikira zithunzi zonse zitsike, n'kupeza kuti nkhani yapamwamba ndi yomwe ija anawerenga dzana. Ankadzuka mwakachetechete ngati munthu amene wagogoda pakhomo n'kupeza palibe anthu.

Tsiku lina Hafsah anakoka mpando n'kukhala pambali pawo.

"Abambo, mukuvutika ndi zinthu zoti zili ndi njira yake. Mukukaona kachizindikiro aka ka mtundu wa lalanje, ka timizere tokhota?"

"Ndakaona."

"Amati RSS. Masamba ambiri ali nako. Mukadina pamenepa mumalembetsa kuti tsambali likangotulutsa nkhani yatsopano, izibwera yokha kwa inu."

"Kwa ine kuti? Kunyumba?"

Hafsah anaseka. "Ayi. Tikutsegulirani malo anuanu pa intaneti pomwepa, owerengerapo nkhani. Muja munali ndi bokosi ku positi ofesi, kodi munkayenda khomo ndi khomo kufunsa anthu ngati akulemberani kalata?"

"Ndinkangotsegula bokosi langa."

"Basi ndi zomwezo. Pulogalamuyi imazungulira yokha m'masamba onse amene mwalembetsa, usana ndi usiku, kutolera zatsopano. Inu mukabwera mungotsegula. Ngati pali nkhani yatsopano, dzina la tsambalo lioneka ndi zilembo zakuda kwambiri, pambali pake nambala. Ngati palibe, mwadziwa pompo. Ndiponso imabweretsa mawu msanga, simudikira zokongoletsa zonse zija."

"Iye adziwa kuti ndalembetsa?"

"Akhoza kuona kuti owerenga awonjezekera ndi mmodzi. Dzina saliona."

Anawatsegulira imelo, kenako malo owerengerapo nkhaniwo. Mawu achinsinsi anasankha okha, Hafsah atatembenukira kukhoma, n'kuwalemba mkati mwa chikuto cha buku lawo la nyimbo. Tsamba loyamba kulembetsa linali la Jemima. Hafsah anawonjezera lina la nkhani za mu Afirika ndi lina la mpira, kuti tsiku limene Jemima sanalembe asamabwerere chimanjamanja.

Zinawakomera kuposa mmene ankayembekezera. Anachepetsa maulendo, n'kumabwera Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Ankayamba ayang'ana kumanzere kwa sikirini. Dzina la Nesi wa ku Biwi likada, sankalitsegula msanga. Ankayamba awerenga za mpira, kenako za ku Kenya ndi ku Zimbabwe, n'kusungira za mwana wawo kumapeto, monga munthu amasungira nyama pambali pa mbale. Pofika Okutobala anali atalembetsa okha masamba ena atatu, ndipo tsiku lina Hafsah anawamva akulangiza mphunzitsi wina wa ku Chinsapo amene ankadandaula za kuchedwa kwa intaneti: "Achimwene, fufuzani kalalanje. Mukapeza kalalanje, mwathana nazo."

Jemima ankalemba m'Chingerezi, koma akafuna kudandaula za kuntchito ankatembenukira ku Chichewa kuti anzake a kuchipatala asamve. A Gwanda anadziwa za basi nambala 49 imene mwana wawo ankakwera kusanache. Anadziwa za gogo wina wachizungu wa muwodi yake amene ankakana kumwa mankhwala pokhapokha Jemima amuimbire nyimbo. Anadziwa kuti Tiyese amadana ndi nsapato, kuti ufa wa kumeneko sugwirana, kuti a Mackson anayesa kudzala mpiru mumphika pawindo koma unafa ndi chisanu. Za Biwi ankalembanso: mtengo wa mapeyala wa kuseri kwa nyumba, mpopi wa pa kiyosiki, mayi ake. Za bambo ake sanalembepo ngakhale liwu limodzi, ndipo a Gwanda ankaona kuti ndi zowayenera.

Lolemba lina mu Novembala, mvula yoyamba itagwa, anafika nsapato zili matope okhaokha. Sabata imeneyo ndi imene akazi awo anakwanitsa zaka zitatu ali m'manda. Atatsegula, anaona dzina la Jemima lada, pambali pake nambala wani. Mutu wa nkhaniyo unali wakuti: Kwa Ababa, amene sadzawerenga izi.

Tsiku limenelo za mpira sanazione n'komwe. Nkhaniyo inali m'Chichewa chokhachokha.

"Ababa, lero ndi tsiku limene amayi anatisiya. Chiganizo chimene munandidula pa foni chija ndachisunga zaka zitatu, ndiye lero ndichimalize. Sindikanatha kubwera chifukwa pasipoti yanga sinali m'manja mwanga. Ndinali nditaitumiza mwezi umenewo kuti andiwonjezere chilolezo chokhalira kuno. Uthenga utandipeza ndinakwera sitima kupita ku ofesi yawo, ndinakhala pa benchi masiku awiri ndikupempha. Anandiuza mwaulemu kuti ituluka pakatha milungu itatu. Tsiku limene munkaika amayi ku Ntcheu ine ndinali m'chipinda changa nditavala chitenje chimene anandipatsa pa eyapoti, ndikuimba ndekha nyimbo zimene ndinkaganiza kuti mukuimba. Pasipoti itabwera ndinafuna kunyamuka, koma ndinaopa kufika pakhomo panu n'kubwezedwa ngati makalata aja. Ndinakukwiyirani, Ababa, ndipo mwina ndikadakwiyabe. Koma Tiyese akamakwinya nkhope amafanana ndi inu, moti ndimalephera kumukalipira. Sindidziwa ngati mukumwa mankhwala anu. Sindidziwa amene amakuchapirani."

Anawerenga kawiri. Kenako anadina pa mutu wa nkhaniyo kuti akaione pa tsamba lenileni la Jemima, mwina pali chithunzi. Tsambalo linatseguka ndi mawu ochepa a Chingerezi onena kuti nkhaniyo palibe. Anayesanso. Chimodzimodzi.

"Hafsah, tabwera. Makina ako awonongeka."

Hafsah anasiya fotokope n'kubwera. Anatsegula tsamba la Jemima. Nkhani yapamwamba inali ya sabata yatha, ya mpiru wa a Mackson. Anabwerera ku malo owerengera aja, n'kuona mutu wa kalatayo. Sanapitirire kuwerenga, anachotsa dzanja pa mausi.

"Sanawonongeke, Abambo. Anailemba Loweruka, taonani deti apa. Kenako anaifufuta. Mwina patangopita ola, mwina mawa lake. Koma pulogalamu yanu inali itadutsa kale n'kuitenga. Ikatenga, imasunga."

"Ndiye kuti pa tsamba lake palibe?"

"Palibe. Yatsala muno."

Pa kompyuta yapambali mtsikana wina ankalemba kalata yofunsira ntchito, makiyi akulira tatata.

"Ndiye kuti ndaba," anatero a Gwanda. "Munthu walemba kalata, waing'amba, ine ndakatola zidutswa kudzala."

"Sindikudziwa, Abambo. Koma dzina limene lili pamwambapo ndi lanu."

Anatseka okha, monga anaphunzitsidwira, n'kutuluka osatsanzika.

Lachitatu sanabwere. Anakhala pakhonde kunyumba kwawo ndi kope la sukulu, akulemba ndi kung'amba. Kalata yoyamba inatuluka ngati ulaliki, ya mavesi anayi. Yachiwiri inadzaza ndi kufotokoza mmene zinthu zinalili pa maliro paja, kuti abale a ku Ntcheu ankawafunsa kuti mwana ali kuti, kuti iwo anachita manyazi. Ataiwerenga anaona kuti akudziikira kumbuyo. Yachitatu inali yaifupi, ndipo ndi imene anapita nayo ku Kawale Lachinayi.

"Ndipatse adiresi ya imelo ya mnzako."

Hafsah anailemba pa kapepala. "Ndikutaipireni? Ndi mphindi ziwiri zokha."

"Ayi. Imeneyi ndilemba ndekha."

Anailemba ndi chala chimodzi, akusakasaka chilembo chilichonse. Ali pakati magetsi anazima, zonse n'kufufutika. Anthu ena anatuluka akung'ung'udza. Iwo anakhala pampando pomwepo, manja ali pa maondo, mpaka magetsi anayaka itadutsa thwelofu. Anayambiranso.

"Jemima mwana wanga, ndine bambo ako. Kuyambira Ogasiti ndakhala ndikuwerenga zonse zimene umalemba, ku kafe ya Hafsah. Ndinamuletsa ndine kukuuza, usamukwiyire. Kalata imene unafufuta ndaiwerenga. Makina anaisunga, ine sindinadziwe kuti unaichotsa mpaka nditamaliza. Ngati sunafune kuti ndiione, undikhululukire pa chimenecho. Koma chachikulu ndi ichi: ndinakudula mawu, ndinakubwezera makalata, ndinakulakwira kwambiri. Unataya mayi, ine n'kukulandanso bambo. Mankhwala ndikumwa. Ndimachapa ndekha. Nambala yanga ndi iyi."

Lachisanu anabwera m'mawa kafe isanatsegulidwe. Mu imelo munalibe kanthu, ndipo dzina la Nesi wa ku Biwi silinade. Loweruka chimodzimodzi. Lamulungu kutchalitchi anasokoneza zolengeza, mpaka mlembi wa mpingo anawanong'oneza kuti abwereze. Foni anaiika m'thumba la malaya, ndipo ankaitulutsa pafupipafupi kuona ngati batire ilipo.

Yankho linafika Lolemba, mizere iwiri yokha. "Ababa, ndalandira. Ndipatseni masiku, sindikudziwa choti ndinene."

Anaonetsa Hafsah. "Ukuona bwanji? Wakana?"

"Akanakana sakanayankha. Ndimamudziwa Jemima. Akakwiya amayamba wakolopa nyumba yonse, kenako ndiye amalankhula."

Foni inalira Loweruka lotsatira masana, iwo ali pa makwerero kukonza lata limene linkadontha. Nambala inali yaitali, yachilendo. Anatsika mofulumira mpaka nyundo inagwera m'maluwa.

"Halo?"

"Ababa."

Mawu anali omwe aja, koma okhwimirako. Mzere unkangolira siii.

"Zaka zitatu, Ababa," anatero Jemima. "Ndinabereka mwana ndilibe wondiimbira foni kuchokera kwathu. Mukudziwa mmene zimawawira?"

"Sindikudziwa, mwana wanga. Undiuze. Lero sindidula."

Anawauza. Analankhula nthawi yaitali, mwina akulira, mwina akukweza mawu, ndipo a Gwanda anakhala pa sitepe ya khonde akumvetsera. Anawauzanso kuti kalata ija anaifufuta patangopita mphindi makumi anayi, ataona kuti waulula za m'banja pagulu, ndipo atalandira imelo yawo anayamba wachita manyazi, kenako ukali, moti a Mackson ndi amene anamuletsa kutseka bulogu yonse. Khadi yake yoimbira itatha anadula, n'kuimbanso ndi ina. Ulendo wachiwiriwu mawu ake anali atatsika.

"Mukuti mumachapa nokha? Makolala a malaya oyera aja mumawatha?"

"Amayera pang'ono."

Jemima anaseka, kuseka kwa m'mphuno kotsatira misozi. "Dikirani, pali wina pano akulimbirana foni." Kunamveka phokoso, kenako kupuma kwa mwana pafupi kwambiri ndi foni. Kumbuyo Jemima ankati, "Nena kuti agogo. A-go-go."

"Gogo," anatero Tiyese, n'kuyamba kufotokoza nkhani yaitali m'chinenero chimene sichinali Chichewa kapena Chingerezi. A Gwanda ankangoyankha kuti, "Eya. Eya, mayi. Zoona?"

Lolemba anapita ku Kawale atanyamula mapeyala asanu ndi limodzi mujumbo, n'kuwaika pa tebulo la Hafsah. Hafsah anawayang'ana nkhope n'kudziwa.

"Waimba?"

"Waimba. Akuti iwenso akuimbira, uli ndi mlandu."

"Ndikonzeka," anatero Hafsah akuseka, koma maso ake anali atalengeza misozi.

Zinthu sizinakonzeke tsiku limodzi. Panali mafoni ena amene anatha mozizira, makamaka a Gwanda atafunsa chifukwa chimene ukwati unachitikira popanda ankhoswe a kwawo. Jemima anayankha kuti, "Ndikanawapeza kudzera kwa ndani?" Koma Loweruka lililonse masana foni inkalira, ndipo iwo ankakhala atakhala kale pakhonde.

Jemima, a Mackson ndi Tiyese anabwera mu Ogasiti 2008, kwa milungu itatu. A Gwanda anapenta chipinda chakale cha Jemima, n'kugula neti yatsopano ndi kabedi kakang'ono kwa kalipentala wa ku Mchesi. Pa eyapoti bambo ndi mwana anapatsana moni wa m'manja ngati alendo, a Mackson ataima pambali ndi masutikesi. M'galimoto, atadutsa Kanengo, Jemima anatsamira paphewa la bambo ake n'kugona tulo mpaka ku Biwi.

Sabata yachiwiri anapita ku Ntcheu. Kumanda Jemima anapempha kuti amusiye yekha pang'ono, ndipo amuna awiriwo anakaima pansi pa mtengo patali, akukambirana za misewu ya ku Dedza.

Tiyese masiku oyamba ankaopa chilichonse: nkhuku za aneba, chidebe chosambira, ngakhale agogo akewo. Ankabisala kuseri kwa siketi ya mayi ake n'kumasuzumira ndi diso limodzi. A Gwanda sanamukakamize. Ankangokhala pakhonde n'kumasenda nzimbe, tizidutswa n'kumaika pambale pafupi ndi phazi lawo. Tsiku lachinayi mwanayo anabwera yekha, anatola kachidutswa kamodzi, n'kukhala pa sitepe pambali pawo akutafuna, madzi a nzimbe akutsikira m'chigongono.